Satifiketi ya NyaGondwe ndi Mafelemu a Mainchi

Lolemba sabata yathayi mayi a kunyumba kwanga, NyaGondwe, anabwera kuchokera ku positi ofesi atapanira envulopu yaikulu m'khwapa, mkati mwa juzi, ngati munthu amene watola nkhuku ya eni. Moni sanandipatse. Anatseka chitseko, n'kupukuta tebulo kawiri, n'kusamba m'manja, kenaka n'kutsegula envulopu ija pang'onopang'ono. M'katimo munali satifiketi ya Fomu 4.

Kuti mumvetse chifukwa chake munthu wa ana atatu anachita zonsezi ndi pepala chabe, ndikuuzeni za kumbuyo pang'ono. Bambo awo, a Gondwe a ku Rumphi, anawatulutsa sukulu ali Fomu 2. Akuti mwana wamkazi akaphunzira amakalemeretsa mudzi wa eni, sukulu ikhale ya mchimwene wa NyaGondwe. NyaGondwe sanayankhe, poti kwawoko mwana sayankha bambo ake. Koma titakwatirana, boma litanditumiza kuno ku Mzuzu, analembetsa maphunziro a pa kalata. Zaka zisanu ndi chimodzi akhala akuwerenga uku akuyanika matewera amene m'tauni muno sauma. Masamu anawagwetsa kamodzi, anadzuka. Ndipo zaka zonsezi nkhaniyi anawabisira bambo awo.

Tsono a Gondwe anali atalemba kalata kuti abwera Loweruka kudzaona adzukulu.

"Bambo a Chimwemwe," anatero mayiwo, "ndikufuna adada akadzalowa m'nyumba muno adzaipeze ili pakhoma, m'felemu, ndi galasi lake. Ine sindidzanena kanthu yayi. Adzaione okha."

"Zimenezo zisiyireni ine," ndinayankha.

Amayi amene mukuwerenga, mukudziwa kale zimene zimatsatira mwamuna akalankhula mawu amenewa.

Vuto loyamba linali lakuti satifiketiyo inaletsedwa kutuluka m'nyumba. Mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa, simva za kalendala. Choncho ndinatenga rula ya mwana wanga ya kusukulu, ya makono ija, n'kuyeza ndekha. M'lifupi masentimita 21, m'litali 30 kuperewera kadontho. Ndinalemba pa kapepala, Lachiwiri nditaweruka n'kulunjika ku Mchengautuwa kwa a Mkandawire, kalipentala amene anandikhomera mipando.

A Mkandawire anayang'ana kapepalako, n'kundiyang'ana ine.

"Bwana, 21 kwa 30? Mukufuna felemu panji zenera?"

Ndinawafotokozera kuti amenewo ndi masentimita. Anapumira m'mwamba, n'kutulutsa m'thumba rula yawo yopinda, yakuda ndi thukuta, imene akuti inawaphunzitsa ntchito kale boma lisanakhale lathu. Pa rula imeneyo sentimita sanapondepo. Anawerengera pa thabwa ndi pensulo ya kukhutu, n'kupeza kuti pepala langa ndi mainchi eyiti ndi kota m'lifupi, leveni ndi makota atatu m'litali, nakonso mosakwana bwino.

"Pepala la mtundu uli ili?" anafunsa mokwiya, ngati ndinalipanga ndine. "Kota iyi yachokera nkhu? Kale pepala linali na ulemu, bwana. Eyiti kwa teni, eyiti kwa satini, basi. Sono ivi vya A4 vyatisuzga chomene."

Pano a Mkonzi asaope, sindikutsutsa boma. Anatiuza kuti tisiye mayadi, mapaundi ndi mamailosi, tiyambe mamita, makilogalamu ndi makilomita, ndipo ife tinawomba m'manja monga mwa nthawi zonse. Ndi zabwino ndithu, dziko lonse lapansi likupita komweko. Chimene ndikunena ine n'chakuti uthengawo unafika kwa osindikiza mapepala, koma kwa a Mkandawire unatsalira m'njira. Ku ofesi kwathu n'chimodzimodzi. Mapepala atsopano ndi aafupi ndi onenepa, mafayilo akale ndi aatali ndi oonda, ndiye kalata iliyonse imatuluka m'kabati itapindika khutu.

Pakhoma la shedi yawo panali mafelemu okonzakonza, opaka kale vanishi. Ya eyiti kwa teni inali yaifupi, pepala langa likanatsala kunja pafupifupi mainchi awiri. Ya eyiti kwa satini inali yaitali mokwanira, koma yopapatiza ndi kakota kaja. Ndinafunsa ngati angandikhomere yatsopano. Anati angathe, koma vanishi ndi nyengo imeneyi amafuna masiku asanu kuti aume, ndipo ine ndinali ndi atatu.

Kukona kunali mulu wina wa mafelemu akuluakulu, osalala bwino, ofanana onse. Ndinaloza. A Mkandawire anatsitsa mawu.

"Awo ndi a chithunzi chija, bwana. Cha m'masitolo na m'maofesi."

Ankanena chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Tonse awiri tinayang'ana kumsewu, n'kuyang'ana kuseri kwa shedi. Ine ndinaganiza za mnzanga wa pa ofesi amene amakonda kubwera kwathu osaitanidwa, ataona felemu ya saizi imeneyo ili ndi dzina la mkazi wanga m'kati, n'kuyamba kufunsa kuti mwini felemu ndamuika kuti. Tinagwirizana popanda kulankhula kuti mulu umenewo sitinauone, ndipo tinayamba kukamba za mvula.

"Palije suzgo," anatero a Mkandawire potsiriza. "Tengani ya eyiti kwa teni. Pepalalo mukalichepetse na lumo. Wose akuchita ntheura."

Anandionetsa chitini cha mkaka chimene chinali pa benchi. Munali timizere ta mapepala olimba, tina tokhala ndi maluwa a m'mphepete, tina tokhala ndi theka la chidindo. Pa kena ndinawerenga mawu akuti mlembi wamkulu, koma dzina la mlembiyo linapita ndi mwini satifiketi. Akuti amatisungira kuyatsira mbaula.

Ndipo n'zoona, onse akuchita choncho. Kodi mwayendapo m'nyumba za anzanu ku Lupaso kapena ku Geisha n'kuyang'anitsitsa zimene zili m'makoma? Mudzapeza satifiketi ya uphunzitsi yopanda saini, poti saini inali m'munsi ndipo m'munsi ndi mmene munatalika. Mudzapeza chithunzi cha ukwati, mkwati ndi mkwatibwi ali bwinobwino, koma wogwirizira mkwati watsala phewa ndi khutu limodzi. Kwa mnzanga wina kuli chithunzi cha banja lonse chimene malume amene analipira wojambula sakuonekamo, kwangotsala dzanja lawo pa phewa la mwana. Tikagula nsapato yothina sitidula chala, timabweza nsapato. Nanga bwanji pepala limene munthu walivutikira zaka, likakana kulowa m'timatabwa tinayi, mlandu timaupereka kwa pepalalo?

Ndikulankhula ngati wanzeru lero. Lachiwiri lija felemu ya eyiti kwa teni ndinaigula, ndipo pobwerera ndinadzera pa okala n'kugulanso lumo latsopano.

Lachinayi masana amayi amapita ku msonkhano wawo wa ku tchalitchi. Ine ndinapempha kwa abwana kuti mutu ukundiwawa, n'kuthamangira kunyumba. Ndinasolola sutikesi kunsi kwa bedi, n'kupeza envulopu ija pansi pa nsalu zosavalidwa. Ndinayala satifiketi pa tebulo, n'kusanjikapo galasi la felemu kuti ndione potsala. Maganizo anga anali akuti ikakhala kale m'felemu, yowala, palibe adzakumbukire kuti inali yotalika bwanji.

Koma kudula kuti? Kumwamba kunali chizindikiro cha dziko, ndipo ine ndine wa m'boma, ntchito ndikuifunabe. Kumunsi kunali chidindo ndi masaini awiri. Ndikatsitsa galasi, ndikudula mutu. Ndikakweza, ndikudula miyendo. Ndinayesa kugawa, pang'ono kumwamba pang'ono kumunsi, koma masaini aja anali atakhala penipeni pa mzere wa lumo.

Ndili choweramira choncho, ndinaonanso chinthu chimene Lolemba sindinachilabadire. Dzina la pa satifiketi silinali langa. Analembetsa ndi dzina la kwawo, Gondwe, limene anasiyira nalo sukulu. Ndivomere kuti kanandilasa pang'ono. Ndani ankapita ku positi kukaponya mayankho? Ndani ankanyamula mwana Loweruka kuti mayi ake awerenge? Chabwino, sanali Loweruka lililonse, koma analipo.

Mvula ndi imene inandigwiritsa. Inagwa yamphamvu, msonkhano unathera panjira, ndipo chitseko chinatseguka ine lumo lili m'manja.

NyaGondwe sanakuwe. Bwenzi zili bwino akanakuwa. Anaima pakhomo, madzi akudontha ku duku, n'kuyang'ana tebulo, n'kuyang'ana dzanja langa.

"Mukutani, bambo a Chimwemwe?"

"Ndikungoyeza."

"Ndi lumo?"

Ndinayamba kufotokoza za mainchi ndi masentimita, za a Mkandawire, za vanishi, za dziko lonse lapansi. Anandisiya mpaka mawu anandithera okha. Kenaka anabwera, n'kuchotsa galasi lija, n'kunyamula satifiketi ndi nsonga za zala.

"Adada anaona kuti sukulu yanga yatalika, anaichepetsa," anatero motsitsa. "Inunso mwaona kuti yatalika."

Anaibwezera mu envulopu n'kulowa nayo kuchipinda. Abale anga, ndakhalapo pamaso pa abwana aukali, ndakhalapo pa chipata cha msika nditaiwala khadi la chipani kunyumba, koma manyazi ngati a tsiku limenelo sindinawamvepo. Ndinakhala pa mpando ndi lumo langa, mutu umene ndinanamizira kwa abwana uja n'kuyamba kuwawa zenizeni.

Lachisanu m'mawa ndinachita zimene ndikanayamba nazo. Ndinapempha kuti andilole kuyala nyuzipepala pa satifiketi, iwo ali pomwepo kundiyang'anira, n'kuidula nyuzipepalayo molingana ndendende. Tsamba limene ndinadula linali la ndemanga yanga ya sabata yatha, ndiye kwa nthawi yoyamba zolemba zanga zinagwira ntchito yooneka. Ndinapita nalo kwa a Mwafulirwa, wojambula zithunzi amene ali ndi situdiyo pafupi ndi msika.

A Mwafulirwa anamvetsera nkhani yonse osaseka, chimene ndinawathokozera. Kenaka anandiphunzitsa zimene ndikufuna nanunso mumve, poti ine ndazigula ndi manyazi ndipo inu ndikukupatsani ulere.

Akuti felemu siyenera kulingana ndi pepala. Iyenera kukula kuposa pepala, zala ziwiri kapena zitatu mbali zonse. Mpata wotsalawo amatsekapo ndi chikatoni cholimba, choyera bwino, chimene iwo amachitcha maunti. Pakati pa chikatonicho amaboola zenera, locheperako pang'ono kuposa pepala, mamilimita atatu kapena anayi mbali iliyonse, kuti chigwire m'mphepete popanda kubisa chilembo. Ndiye kaya felemu ndi ya mainchi, kaya pepala ndi la masentimita, chikatoni chija ndiye nkhoswe, chimayanjanitsa awiriwo. Chimathandizanso kuti pepala lisagunde galasi, chifukwa ndi chinyezi cha kuno zimamatirirana, tsiku lofuna kuchotsa zilembo n'kutsalira pa galasi.

"Ndipo guluu musayerekeze, bwana," anatero. "Anthu akumata satifiketi na phala la chinangwa. Mphemvu zikudya digiri yose."

Ine ndinafuna chikatoni chofiira, cha mzere wagolide, kuti apongozi akachione ali kubwalo. A Mwafulirwa anakana. Akuti chikatoni chikalongolola kwambiri, anthu amayang'ana icho n'kuiwala pepala. Anasankha chotuwira ngati mkaka. Ndinayesa kukakamira kuti kasitomala ndine, koma anandikumbutsa mwaulemu kuti kasitomala yemweyo dzulo anali ndi lumo.

Chinatsala ndi felemu yaikulu, youma kale, yopezeka tsiku lomwelo. A Mwafulirwa analibe. A Mkandawire anali ndi mulu uja tinagwirizana kuti sitinauone. Ndinayenda masitolo atatu, n'kupeza za eyiti kwa teni zokhazokha, zina zili kale ndi zithunzi za amphaka.

Ndipo pamene ndinkabwerera m'pamene ndinakumbukira kuti felemu yotero ilipo, m'nyumba mwanga momwe, pabalaza, pamwamba pa wailesi. Yakuda, ya mainchi leveni kwa fotini, yogula ku Blantyre. M'katimo munali satifiketi yanga, yonena kuti ndinakhala nawo pa kosi ya kasungidwe ka mafayilo. Siinena kuti ndinakhoza, imangoti ndinalipo. Kosiyo inali ya masabata atatu, ndipo sabata imodzi ndinadwala malungo. Yakhala pakhomapo zaka zisanu ndi zinayi, mlendo aliyense ndimamukhazika moyang'anana nayo.

Masabata atatu anali m'galasi, zaka zisanu ndi chimodzi zili mu sutikesi. Ndinaima pansi pake nthawi yaitali ndithu, ndikufunafuna chifukwa chabwino choisiyira pomwepo, koma sindinachipeze. Ndinaitsitsa. A Mwafulirwa anadula chikatoni, NyaGondwe anabweretsa okha satifiketi yawo atafunditsa ambulera ngakhale kunali dzuwa, ndipo pofika madzulo inali pakhoma, yathunthu, chizindikiro kumwamba, masaini onse awiri kumunsi. Inakongola kuposa mmene yanga inakongolerapo. Mayiwo anaiyang'ana, n'kuiwongola pang'ono.

Loweruka a Gondwe anafika ndi basi ya m'mawa, atavala jekete lawo la ku tchalitchi, atanyamula thumba la nyemba. Tinalonjerana monga mwa mwambo, ine chapatali pang'ono monga mkamwini. Mwana wawo anawakhazika pa mpando woyang'ana khoma lija. Anamwa tiyi. Anafunsa za ana, za ntchito, za mtengo wa feteleza. Anayang'ana denga, anayang'ana wailesi, anayang'ana mphaka. Khoma ayi. NyaGondwe ankangolowa ndi kutuluka, kubweretsa shuga amene analipo kale pa tebulo. Ine ndinafuna kungoloza, koma ndinali nditalonjeza mayiwo kuti nditseka pakamwa.

Kapu yachiwiri itatha, mkuluyo anapisa m'thumba n'kutulutsa magalasi a maso. Ndiye kuti anali ataiona kalekale. Anaimirira, n'kupita pafupi, n'kuyamba kuwerenga ndi chala pa galasi, mzere ndi mzere, milomo ikugwedera. Chala chinafika pa dzina n'kuima.

"Ichi ntchako?" anafunsa osatembenuka.

NyaGondwe anagwada pafupi ndi chitseko. "Enya, adada."

"Fomu 4."

"Enya."

"Wekha?"

"Pa kalata, adada. Zaka sikisi."

Mkuluyo anakhala chiimire. Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi mpango nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira, n'kuwavalanso. Ine ndinayembekeza kuti tsopano anena mawu aja amene mwana wawo wawadikira kuyambira ali mtsikana. M'malo mwake anatembenukira kwa ine.

"Mkweni, tsitsani ichi."

Ndinayesa ndamva molakwa. Anabwereza. Akuti apita nacho ku Rumphi. Ndinayamba kunena mwaulemu kuti satifiketi imakhala m'nyumba ya mwini wake, kuti mwina idzafunika pofunsira ntchito, kuti msewu ndi wa mabampu ndipo galasi ndi galasi. Za felemu yanga ya ku Blantyre sindinatchule, koma mumtima ndi imene inkalira kwambiri.

"Imwe mukalowola mwana," anatero a Gondwe. "Satifiketi mukalowola yayi. Zina ili ndane."

Akuti ndinalowola mwana, osati satifiketi, ndipo dzina lili pamenepo ndi lawo. Ndinayang'ana kwa mayi a Chimwemwe kuti andithandize. Anali akuseka, misozi ili mbwembwembwe, dzanja lili pakamwa.

"Apatseni," anatero. "Adzabwera nayo mwezi wa mawa."

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi tinawaperekeza ku depoti. Felemu anaikulunga m'bulangete lathu, limenenso sindikudziwa ngati lidzabwera, ndipo anakana kuti kondakitala aikweze pamwamba ndi katundu. Anakhala nayo pamiyendo, ataikumbatira. Basi ili pafupi kunyamuka anatsegula zenera n'kuitana mwana wawo. Anati mwana wamkazi wa mchimwene wa NyaGondwe uja, Tiwonge, ali Sitandade 8, ndipo kumudzi anali atayamba kale kukamba zoti chaka chino chikhale chomaliza.

"Nkhufuna nkhamulongore ichi," anatero, akusisita bulangete. "Na awiske wuwo achione."

Kuti akamuonetse mtsikanayo, ndi bambo ake omwe. Anatseka zenera, basi n'kunyamuka. NyaGondwe analira njira yonse yobwerera, ndipo sikunali kulira kwa chisoni. Anandiuza kuti bambo awo sanapepesepo munthu chibadwire, ndipo zimene ananena pa zenerazo ndiye kupepesa kwawo konse, kwina kulibe.

Ine ndinati ndi zachisoni kuti akuluakulu a kale mawu ochepa chabe amawakanika. Mayiwo anandiyang'ana cham'mbali. Tinayenda mpaka kufika kunyumba ndisanazindikire chimene diso limenelo linkatanthauza. Za Lachinayi zija, za lumo, nanenso sindinapepese. Ndinathamanga tauni yonse, ndinatsitsa satifiketi yanga, ndinapereka felemu, koma pakamwa panga sipanatuluke kanthu, ndipo mpaka pamene ndikulemba pano sipanatulukebe.

Apongozi anyamula galasi pamiyendo mpaka ku Rumphi. Ine ndadzaza tsamba lonse la nyuzipepala, ndikudziwa bwino lomwe kuti NyaGondwe aliwerenga. Abambo anzanga, mawu oti pepani amalemera makilogalamu angati, kuti tonse atikanike kunyamula?